Mfumu Imene Inayenda Wapansi Mpaka pa e1

Lachitatu, 17 Januwale 2024, m'sitima ya pamadzi

Ndikulemba izi magetsi a padoko la North Shields, ku England, atazimiririka kale kumbuyo kwathu. Tanyamuka madzulo, ndipo mawa m'mawa tikocheza ku IJmuiden, m'dziko la Netherlands. Usiku wonse tigona pamadzi. Anzanga a kuntchito ku Newcastle atamva kuti tchuthi changa ndikukathera ku kamudzi ka m'mbali mwa nyanja pakati pa dzinja la kuno, anandifunsa ngati kuli maliro kapena ukwati. Ndinawauza kuti kuli tchesi.

Kamudziko ndi Wijk aan Zee. Loweruka likudzali zikwana zaka 25 chiseweredwere gemu imene yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira ndili mnyamata. Pa 20 Januwale 1999, Garry Kasparov wa ku Russia, akusewera ndi tizidutswa toyera, anakumana ndi Veselin Topalov wa ku Bulgaria, m'ndime yachinayi ya mpikisano wa tchesi wochitika kumeneko chaka ndi chaka, umene nthawiyo unkatchedwa Hoogovens. Pa muvu ya 24 Kasparov anapereka dala ruku (kachidutswa kamphamvu kooneka ngati nsanja), pa 25 anaperekanso ina, ndipo mfumu yakuda inatulutsidwa m'nyumba mwake n'kuyamba ulendo umene sinabwerereko. Mamuvu onse 44 ndimawadziwa pamtima. Koma munthu akhoza kuloweza nyimbo osamva chimene ikunena, ndipo n'chimene chandinyamulitsa chikwama.

M'chikwamamo muli majuzi awiri ndi kabolodi ka maginito kamene amalume anandipatsa tsiku limene ndinkachoka ku Zomba. Ndi iwo anandiphunzitsa masewerawa pakhonde ku Chinamwali, bawo likatha. Mawu a m'bawo ankawatengera ku tchesi: sankati "kutenga", ankati "kudya". Ndipo anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Mphwanga, mdani akakupatsa chakudya dala, yamba wayang'ana mbedza." Iwo sankapereka kanthu pabolodi, ngakhale kamsilikali kamodzi. Inenso ndinakula ndikusewera choncho, moumira, mowerengera. Gemu ya Kasparov ndinaipeza patapita zaka, pa kompyuta ya m'kafe ya intaneti ku Blantyre, ndipo inandioneka ngati ikutsutsa zonse zimene ndinaphunzira pakhonde paja. Sindinawaonetsepo amalume. Mwina ndinkaopa kuti tingakangane.

Sitima yayamba kugwedezeka. Tizidutswa ta maginito tokha ndi timene sitikusuntha m'chipinda muno.

Lachinayi, 18 Januwale

Chinthu choyamba kuona kutacha sichinali gombe koma utsi. Fakitale ya zitsulo ili pakamwa penipeni pa ngalande yolowera ku Amsterdam, machumuni ake ataliatali akufuka ngati phiri likupsa. Fakitale imeneyi ndi imene yakhala ikulipirira mpikisanowu kuyambira 1938, pamene unayamba ngati masewera a antchito ake ku Beverwijk. Unasamukira ku Wijk aan Zee mu 1968. Dzina lakhala likusintha motsatira eni kampani: Hoogovens mpaka 1999, Corus kuyambira 2000, Tata Steel kuyambira 2011. Ndinakwera basi mpaka ku Beverwijk, kenako nambala 78 yomwe imakakutula pakati pa mudzi.

Mudziwo ndi waung'ono kwambiri. Pali bwalo la udzu pakati, tchalitchi chakale, malo omwera khofi angapo, ndi zitunda za mchenga zimene zimautchinga ku nyanja. M'mawindo a masitolo aikamo tizidutswa ta tchesi ngati mmene kwathu timaikira maluwa pa Khirisimasi. Holo yake imatchedwa De Moriaan, ndipo ndi holo ya masewera ya mudzi basi, yopanda zodzikometsera. Kulowa n'kwaulere.

Masewera amayamba 2 koloko masana. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti akatswiri ndi anthu wamba amasewera pansi pa denga limodzi. Kutsogolo kuli Ding Liren, katswiri wa dziko lonse, Anish Giri wa konkuno, ndi anyamata a ku India, Gukesh ndi Praggnanandhaa. Kumbuyo kwako kuli mizeremizere ya matebulo a agogo, ana asukulu, amayi ovala zipewa za ubweya, aliyense atagwira mutu. Anthu mazanamazana, koma umamva nsapato ya munthu mmodzi ikalira. Ndinaimirira nthawi yaitali pafupi ndi tebulo la Ju Wenjun, katswiri wa dziko lonse wa amayi, amene lero wagonjetsa Alireza Firouzja. Nkhope yake sinasinthe kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Usiku ndayala kabolodi kanga pabedi n'kusewera mamuvu 23 oyamba a gemu ya 1999. Topalov anatsegula ndi njira ya Pirc, youlola mdani kutenga pakati pa bolodi kuti udzamugumule bwino. Onse awiri anakabisa mafumu awo kumbali ya kwini. Ndalekezera pamenepo. Za muvu ya 24 zikufuna mutu wogona bwino.

Lachisanu, 19 Januwale

M'mawa kunazizira moti zala zinkakana kugwira cholembera. Ndinalowa m'malo ena omwera khofi pafupi ndi bwalo, n'kuitanitsa supu wa nsawawa zobiriwira amene eni dziko amati erwtensoep, wolimba ngati phala, muli tizidutswa ta soseji. Supu ameneyu ali ndi mbiri yake pa mpikisanowu: nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha chakudya chinali chosowa, osewera anadyetsedwa supuyu pa phwando lotsekera, ndipo mwambowo ulipobe mpaka lero.

Ndinayala bolodi patebulo. Kabokosi kalikonse pabolodi kamadziwika ndi chilembo (a mpaka h) ndi nambala (1 mpaka 8). Zoyera zili motere: mfumu pa b1, kwini pa f4, maruku pa d1 ndi e1, bishopu pa h3, hatchi pa a5, tiasilikali pa a3, b2, c2, d5, f3, g3 ndi h2. Zakuda: mfumu pa a7, kwini pa d6, maruku pa d8 ndi h8, bishopu pa a8, hatchi pa f6, tiasilikali pa a6, b5, c5, d4, f7, g6 ndi h7. Amene ali ndi bolodi kunyumba ayale, nkhaniyi imakoma ukamaiona ndi maso.

Ukangoyang'ana mwachangu, zakuda zili bwino ndithu. Makwini ayang'anizana, Topalov akufuna asinthane, ndipo akasinthana kamsilikali koyera ka pa d5 kagwa. Kasparov akanasewera modekha akanayamba kubwerera m'mbuyo. Ndiye funso limene ndakhala nalo m'mawa wonse ndi lakuti, kodi mfumu ya pa a7 ili poyera motani, pomwe kwini wake, bishopu wake ndi ruku wake zonse zili pafupi?

Yankho ndinalipeza nditasiya kuwerenga tizidutswa n'kuyamba kuwerenga zitseko. Hatchi ya pa a5 yatseka b7 ndi c6. Bishopu wa pa h3, amene amaoneka ngati waiwalika kumphepete, watseka d7 ndi c8 kuchokera kutali. Bishopu wakuda wa pa a8 akuyang'ana khoma, chifukwa kamsilikali ka pa d5 kamutsekera njira, ndiponso wakhala pa malo amene mfumu yake ikanathawirapo. Tiasilikali ta pa a6 ndi b5 tinapita patsogolo kalekale, ndipo kamsilikali sikabwerera. Chimene chikutchinga mfumuyo ku kwini woyera ndi tiasilikali tiwiri tokha, ta pa c5 ndi d4, timene taima pa mzere wopendekera wochokera ku g1 kukafika pa a7. Ruku imene Kasparov anapereka inali mtengo wogulira tiwiri timeneti.

24.Rxd4. (Polemba mamuvu, R ndi ruku, K mfumu, Q kwini, B bishopu, N hatchi, ndipo x ndi kudya.) Topalov anadya, cxd4. Kenako 25.Re7, cheki (kuopseza mfumu), ruku yachiwiri yaima pamene kwini wakuda angathe kuidya popanda womuletsa.

Ndili pamenepo, bambo wina wachikulire wa patebulo loyandikana anadzuka ndi kapu yake n'kudzaima pambali panga. Sanafunse kuti ndi gemu yanji. Anangotambasula dzanja, n'kudya ruku ya pa e7 ndi kwini wakuda, n'kundiyang'ana kuti ndiyankhe. Ndinasewera Qxd4, cheki. Iye Kb8. Ine Qb6, cheki. Iye anatchinga ndi bishopu pa b7. Ine Nc6, cheki. Iye Ka8. Ine Qa7, meti: mfumu ilibenso kothawira, gemu yatha. Anaseka, n'kubweza tizidutswa, ulendo uno n'kutchinga ndi kwini pa b7. Apa Nc6 ndi meti pomwepo, chifukwa kwini wakuda sangachoke pamzere wa mfumu yake, ndipo c8 ali m'manja mwa bishopu uja wa pa h3. Tinagwirana chanza. Chingelezi chake chinali chochepa, Chidatchi changa palibiretu, koma tinakhala ola lathunthu tikucheza ndi zala.

N'chifukwa chake Topalov sanadye ruku yachiwiriyo. Anatulutsa mfumu, 25...Kb6. Kasparov 26.Qxd4, cheki, mfumu n'kudya hatchi pa a5. Kenako 27.b4, cheki, mfumu n'kutsikira pa a4. Werengani apa: zoyera zataya ruku ndi hatchi, zapeza tiasilikali tiwiri. Kwa amalume, munthu wosewera chonchi ndi wowononga chuma. Koma mfumu yakuda tsopano ili m'bwalo la eni ake, ndipo kumbuyo kwake chitseko chatsekedwa ndi tiasilikali take tomwe.

Masana ndinakhala m'holo mpaka mdima. Sindinaone nsembe iliyonse yonga imeneyi pa matebulo a akatswiri. Masiku ano onse amakonzekera ndi makompyuta, ndipo mfumu saisiya pamphepo wamba.

Loweruka, 20 Januwale

Lero ndiye tsiku lake. Ndinadzuka kusanache n'kukwera zitunda za mchenga kupita ku gombe. Gombe la kuno ndi lotakata, mchenga wake wolimba, madzi otuwa ngati phulusa. Ukayang'ana kumwera umaona machumuni aja, ukayang'ana kumpoto mchenga wokhawokha. Ndinayenda ndikusewera mamuvu otsala m'mutu, ndipo ndi pamenepo ndinazindikira chimene ndakhala ndikuphonya zaka zonsezi.

Ndinkaganiza kuti ukulu wa gemuyi uli pa kulimba mtima kopereka ruku. Ayi. Kupereka n'kosavuta, mwana aliyense amene wangophunzira tchesi amapereka kwini tsiku lililonse. Chovuta chili pa mamuvu amene sachita phokoso. Utataya ruku ndi hatchi, mtima umafuna cheki pa muvu iliyonse, chifukwa ukangopuma mdani apeza mpata wodzikonza. Koma pa 28 Kasparov sanachite cheki. Anasewera Qc3, kukankha kwini kabokosi kamodzi, n'kumusiya Topalov kuti achite chimene akufuna. Chiopsezo chake ndi Qb3, meti. Zakuda zikatchinga ndi bishopu, kudya pa d5, zoyera zimasewera Kb2, muvu ina yachete, kenako kwini amaperekedwa pa b3, bishopu akadya, kamsilikali ka pa c2 kamadya bishopuyo n'kupha mfumu. Kamsilikali kupha mfumu pomwe gulu lake lonse lankhondo lili chiimire kumbuyo! Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Topalov anaziona zimenezo, anadya pa d5 ndi kwini. Kasparov 29.Ra7, kufuna meti pa a6. Bishopu anabwera pa b7 kudzateteza, ruku n'kumudya, ndipo kwini wakuda sakanatha kubwezera chifukwa akangochoka, b3 watseguka. Topalov anasewera 30...Qc4, Kasparov anadya hatchi pa f6, mfumu yakuda n'kudya kamsilikali pa a3.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa gemu imeneyi anthu amaikamba ngati yopanda banga. Akatswiri ataifufuza anapeza kuti pa 28 kusewera Ra7 nthawi yomweyo kunali kwamphamvu kuposa Qc3, ndiponso kuti pa 31 Topalov akanachita cheki ndi ruku pa d1 akanalimbako nthawi yaitali. Kwa ine zimenezi sizichotsa kanthu. Anthu awiriwa anali ndi wotchi ikuyenda pambali, opanda wowauza, ali m'nkhalango imene palibe anapondamo.

Kuchokera apa mfumu inangoyenda ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. 32.Qxa6 cheki, mfumu yadya pa b4. 33.c3 cheki, kamsilikali kenanso kaperekedwa, mfumu yadya pa c3. 34.Qa1 cheki, Kd2. 35.Qb2 cheki, Kd1. Mfumu ziwiri tsopano zili pamzere umodzi, ina pa b1 ina pa d1, pakati pawo kabokosi kamodzi.

Ndiye kunabwera muvu imene ndinaima nayo pamchenga mpaka mapazi kuzizira: 36.Bf1. Bishopu uja anachoka pa f1 pa muvu ya 19, anakhala pa h3 osasuntha nkhondo yonse ili mkati, ndipo tsopano wabwerera kwawo kumene anayambira. Palibe cheki. Akuopseza kwini wa pa c4, amene ndi yekhayo akulondera c1, c2 ndi e2. Kwini akadya bishopuyo, Qc2 cheki, mfumu pa e1, Re7 cheki, zatha. Topalov anapeza yankho lanzeru, 36...Rd2, kuopseza kwini woyera ndi ruku. Ndipo Kasparov anayankha 37.Rd7. Ruku yakuda sikanathanso kuchoka pamzere wa d chifukwa mfumu yake ili kumbuyo kwake. Inadya pa d7, bishopu anadya kwini pa c4, kamsilikali kanadya bishopu, ndipo kwini woyera anawoloka bolodi yonse kuchokera pa b2 kukadya ruku ya pa h8, imene sinasunthepo chiyambire gemu.

Pa muvu ya 41 mfumu yakuda inaponda pa e1. Inayambira pa e8, n'kudutsa c8, b8, a7, b6, a5, a4, a3, b4, c3, d2, d1, n'kudzathera pa mpando umene mfumu yoyera imakhalapo masewera asanayambe. Topalov anagonja pambuyo pa 44.Qa7. Anali ndi zaka 23, Kasparov 35. Kasparov anapambana mpikisano wa chaka chimenecho ndi mapointi 10 pa magemu 13, Viswanathan Anand akumutsatira ndi theka la pointi, ndipo anapambananso mu 2000 ndi 2001. Topalov naye anadzakhala katswiri wa dziko lonse wa FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, mu 2005.

Ndili m'holo masana ndinkangoganiza za Topalov. Dzina limene anthu amatchula ndi la wopambana, koma gemu yotere siingabadwe ngati winayo akana kuvina. Iye anadya ruku ija akudziwa kuti pali moto, anakhulupirira kuwerengera kwake, ndipo kwa mamuvu khumi ndi atatu anapeza mayankho amene ambiri a ife sitikanawalota. Ndimamulemekeza kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Lamulungu, 21 Januwale

Mphepo yakula lero, mchenga ukuuluka mpaka m'misewu. Ndinakhala m'chipinda m'mawa wonse n'kuimba foni ku Zomba. Kwathu ali patsogolo ndi ola limodzi, anali atangoweruka ku tchalitchi. Maso a amalume anafooka, masiku ano bolodi amaliona ndi zala, ndiye mdzukulu wawo ndi amene anayala tizidutswa pakhonde ine ndikutchula malo ake pa WhatsApp. Ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo.

Sindinawauze kuti ndi gemu ya ndani. Ndinangoti, "Malume, inu muli ndi zakuda. Mdani wanu wadya kamsilikali ka pa d4 ndi ruku. Ruku ili apo, idyeni."

Kunali zii nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina netiweki yadula. Kenako ndinamva akufunsa mwana uja kuti bishopu woyera ali pati. Atauzidwa kuti pa h3 anati, "Ameneyo ndiye mfiti." Anafunsanso za hatchi. Anakhalanso chete.

"Mphwanga, ine sindidya."

"Ndiye muchita chiyani, malume?"

"Mfumu yanga ikwere pa b6. Ikamufunse hatchi uyo chimene akufuna pakhomo panga. Ruku yakeyo ikhale pomwepo, siithawa."

Tsitsi linandiimirira. 24...Kb6 ndi muvu imene akatswiri ambiri amene anafufuza gemuyi amagwirizana kuti ndiyo inali yoyenera. Mfumu ikuopseza hatchi ya pa a5, ruku ya pa d4 ikadali pakamwa pa kamsilikali, ndipo kamsilikali ka pa c5 kakadali pamalo pake kutseka mzere uja. Zoyera zimakakamizika kubweza dzanja, ndipo zakuda sizikhala pamavuto. Munthu wokalamba wa ku Chinamwali, amene sanagwirepo buku la tchesi, anaipeza ndi lamulo lake lija la mbedza.

Ndinawauza tsopano kuti zoyera anali Kasparov, ndipo ndinawaseweretsa zimene zinachitikadi, muvu ndi muvu, mwana uja akusuntha tizidutswa. Pa Re7 anati "Ii!" Pa Qc3 anandiimitsa kuti aganize okha chifukwa chake, ndipo anachipeza. Titafika pa Bf1 anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mfiti ija yabwerera kumanda kwake. Mfumu itaponda pa e1 anamuuza mdzukulu wawo kuti awagwiritse dzanja pamene yaima, ndipo ndinamva akuwerenga mabokosi ndi chala kubwerera m'mbuyo mpaka pa a7.

Sanakangane nane. Anangoti mnyamata wa zakudayo anali ndi mtima, ndipo akanakonda kumuona.

Chikwama ndalongedza kale, basi ya ku Beverwijk ndikwera mawa m'mawa. Koma kabolodi ndakasiya poyera patebulo, chifukwa tisanadule foni amalume anauza mwana uja kuti abweze zonse pa muvu ya 24, mfumu yakuda aiike pa b6. Akuti ine nditenge zoyera tipitirize kuchokera pamenepo, muvu imodzi patsiku. Yanga akuifuna mawa dzuwa lisanalowe. Ndakhala ndikuyang'ana hatchi ya pa a5 kuyambira masana, ndipo ndikuganiza zoibweza pa b3.